Tsamba la Khumi ndi Chisanu ndi Chiwiri

Zaka khumi ndi zitatu ndawotcherera zitsulo ku Booysens,
kutchinga mawindo a eni ake kuti mbala zisalowe.
Yanga inabwera masana, itavala tayi,
inandibwereka cholembera chake chomwe.
"Bambo Kachingwe, sainani apa, apa, ndi apanso."

Masamba makumi awiri ndi anayi.
Chizungu ndimachimva ine.
Ndimakangana nacho m'takisi za pa Bree,
ndimagula nacho waya, ndimapepesa nacho apolisi.
Koma cha papepalacho chinali china:
chiganizo chimanyamuka pamwamba pa tsamba,
kukhota, kubwerera, kulowa pansi ngati ngalande za mgodi,
pofika kumapeto wasochera ndiwe.

Nasimango anandikanda bondo pansi pa tebulo.
Iye anali atayeza kale ndi maso
pomwe adzaike makina ake osokera,
anali atawerenga mapichesi a mtengo wakuseri.
Kufunsa kunandichititsa manyazi.
Ndinasaina.

Okutobala anabwera ndi matalala ake a ku Jubeki.
Denga lathu la ku Turffontein linayamba kulira pakati pa usiku,
penti yatsopano inatupa ngati chithuza,
itaphulika tinaona mng'alu
wolowa dzanja langa mpaka pa wotchi.

Pafoni mwini tayi sanakweze mawu.
Anangoti ndione tsamba la khumi ndi chisanu ndi chiwiri,
pali liwu limodzi pamenepo.
Futsitutsu, ndi momwe ndinalimvera.
Tsiku losaina lija ndinaliyesa dzina la loya.

Tadziwana wanga wa Giredi 11 analifufuza,
nati, "Ababa, akuti mwaigula momwe iliri,
ndi zilema zake zomwe."
Basi.
Mwana ananena osapumira n'komwe
zimene anthu ophunzira anazikwirira m'masamba onse aja.

Pamsika wa Yeoville mayi wa mapeyala amakuuza,
ili lavunda mbali imodzi, chotsanipo marandi awiri.
Sanapite ku koleji iyeyo.

Sindikulira nyumba yaulere.
Ngongole ya kubanki ndidzaisenza zaka makumi awiri,
ndidzaimaliza tsitsi litayera, ngati Mulungu alola.
Ndimangofuna pepala lolankhula ngati munthu
woti mawa tikumananso pamsewu.
Lindiuze kuti denga limadontha,
ndisankhe ndekha kunyowa.

Ena akuti wogulitsa akabisa dala pali pokadandaula.
Ndapita. Andipatsa fomu.
Nayonso ili ndi masamba ake.

Lamlungu lino ndili padenga ndi chitini cha phula.
Pansipa Tadziwana wakhala pakhonde ndi kope lake la masamu,
akumasulira chikalata cha a Sitoe, anzanga a ku ntchito,
amene akufuna kugula ku Rosettenville.
Ndime iliyonse akuibweza mzere umodzi.
A Sitoe avula chipewa, akumvetsera.
Afika tsamba lachisanu ndi chinayi,
ndipo cholembera chikadali m'thumba.