Kiyi ya Loweruka

Kiyi ndimasunga ine, pa chingwe cha nsapato,
poti a Miti olembedwa ntchito sabwera Loweruka,
ndipo ine wosalipidwa masiku onse ndi anga.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinkayeza thonje pasikelo,
belo ndinkalidziwa kulemera pongoliyang'ana.
Lero ndimayeza zina:
buku lobwerera litanenepa ndi mvula ya Febuluwale,
lina litaonda, masamba asanu atapita kukakulunga zitumbuwa.
Ndimamata misana yawo ndi phala la chinangwa
n'kuwatsindika ndi njerwa pansi pa zenera.

Naini isanakwane Fakisoni watsamiritsa njinga yake pakhoma.
Amangirira katoni ya mabuku pomwe pamakhala anthu olipira,
ulendo wa ku Mchini, chitunda chonsecho, ulele.
Ndikamufunsa za makasitomala amene akumudutsa
amati, "Awiri atatu basi, ndi ndalama ya repu imeneyo,
sitifa."

Ana a ku Nabvutika afika, fumbi lofiira mpaka m'mawondo.
Dailesi, amene akudikira zotsatira za mayeso,
awakhazika pamkeka n'kutsegula buku lalikulu.
Amasanduka lole, amasanduka mbuzi,
amasanduka mayi wokalipa pampopi,
ana n'kugubuduka.
Yotamu yekha samvera.
Ali pa mapu, chala pa Chipata,
akuchikoka pang'onopang'ono kudutsa Katete, kutsika ku Chanida,
mpaka Tete, kumene bambo ake anapita ndi thiraki
mango asanapse chaka chatha.
Pepala layamba kuda pamzere umenewo.
Sindimuletsa.

Teni koloko magetsi thi!
Kompyuta imodzi yomwe imadzukayo yagonanso.
Anyamata a makalata ofunsira ntchito atsonya,
wina atuluka, awiri apempha bolopeni.
Titsegula mazenera onse,
phiri la Kanjala litiyang'ana ngati woyang'anira mayeso.

Ndiye alowa amake Lekesina, beseni la nsawa pamutu,
kuchokera ku Kapata, atasiyira mnzawo malo.
Kope lawo limagona pansi pa nsawazo
kuti a pamsika asalione.
Chaka chatha uthenga wa feteleza unalowa m'foni mwawo,
mwana wa aneba anawawerengera, akuti dzina lanu mulibe,
matumba awiri n'kupita kumene anapita.
Sanakalipe.
Anangobwera kuno m'mwezi wa Meyi n'kuti,
"Ndionetseni mmene dzina langa limaonekera."

Miyezi isanu tsopano.
Pensulo amaigwira ngati mpini, imathyoka,
ndimasongola, imathyokanso.
B ndi D zimawazembabe ngati mapasa a mnzako.

Lero tili pakati pa ma me mi
foni yanjenjemera m'mfundo ya chitenje.
Aimasula. Ndatambasula dzanja mwachizolowezi,
iwo alikankha.
Aitalikitsa kumaso, milomo ikuyenda yopanda mawu,
kenako mawu, limodzi,
lina,
ngati munthu wowoloka Lunkhwakwa pamiyala madzi atadzaza.
Chipinda chonse zii. Ngakhale Yotamu wacheuka.

"Gu-la-ni... gulani ma-ba-ndo... lero..."
Aima. Abwereza.
"Ha! Kalata yoyamba kuwerenga ndekha,
munthu akufuna ndalama zanga!"
Kuseka kwawo kwagwedeza malata,
misozi ikutsika, akupukuta ndi foni yomweyo.

Wani koloko ndiwerenga kaundula wa pakhomo.
Mayina makumi atatu ndi limodzi.
Pamzere pomwe pankakhala chala cha inki
pali Tisauke Njobvu, wopendekera, wakwera mizere iwiri,
N yoyang'ana kumbuyo.
Sikelo yathu ija sikanasuntha n'komwe.

Patebulo asiya kapu ya nsawa zokazinga,
pansi penipeni pa chikwangwani choletsa kudya muno
chimene ndinalemba ndekha.
Ana amaliza kale.
Ndisesa makoko, ndichotsa njerwa pa mabuku ouma,
ndidikira Fakisoni abweze katoni.
Wachedwanso. Mwina tayala.
Ndikhala pakhonde, kiyi m'manja,
kutafuna zitatu zimene ndinabisa m'thumba.