Malipiro a Lachinayi

Mayi uja ndinamunyamula pa Taifa,
matumba awiri kumbuyo, ndowa pamiyendo.
Ndinapalasa mpaka ku Chiputula
mtima ukugunda m'makutu.
Potsika anamasula mfundo ya chitenje, anagwedeza mutu,
nandipatsa kampukutu ka nyuzipepala.
"Karafuu, iliki, jira, tsabola wakuda. Za ku Kyela izi.
Usathamangire kusinja. Yamba wakazinga."

Ndinang'ung'udza mpaka pa Katoto.
Kodi lendi amalipira ndi timbewu?

Madzulo magetsi anathima monga mwa masiku onse,
nkhungu inatsika ku Kaning'ina
n'kudzakhala pakhomo ngati mwini nyumba pa tsiku lomaliza la mwezi.
Ndinakokera mbaula pafupi,
chiwaya chouma, chopanda dontho la mafuta.
Poyamba zii.
Kenaka jira anayamba the, the, the,
iliki anatupa timimba take,
ndipo fungo linadzuka,
fungo la kumene sindinafikeko,
ine amene njinga yanga imathera pa Dunduzu.

Sangwani anasiya samu zake pampasa.
"Adada, zikupserera!"
Zinali pang'ono kutero. Ndinaphula ndi kolala ya jekete.

Mtondo wathu ndi wa nsinjiro, ungameze zonse osatafuna,
choncho ndinatenga botolo la fanta ndi mbale yachitsulo,
kukanikiza, kupotokola, kukanikizanso.
Tsabola anagonja msanga.
Karafuu ndi wouma mutu:
mmodzi anadumpha, nathawira pansi pa bedi,
ali komweko mpaka lero.
Mwana anayetsemula katatu, tinaseka
mpaka a Nyirongo anagogoda pa khoma:
"Kodi kumeneko kuli ukwati, osatiitana?"

Ukwati wanji.
Mpunga wa kilombero, kapu imodzi ndi theka,
anyezi mmodzi, nyemba zadzulo.
Nyama ayi.
Koma Sangwani anadya mosayankhula,
anapukuta mbale ndi chala,
ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni amake ku Joni
sanafunse kuti foni ilira liti.

Ufa wotsala uli m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa,
pamwamba pa wailesi.

M'mawa, pokwera mtunda wa Luwinga,
bambo wa tayi amene ndinamunyamula ananunkhiza mpweya:
"Achimwene, mwadzola chiyani?"
Ndinayang'ana zala zanga pa handulo,
zikhadabo zikadali zofiirira.
Sindinayankhe. Ndinali kuwerengera
kuti Lachinayi likubwerali
ndiime pageti liti la Taifa.