Timizere Titatu

Agogo a Yotamu Shawa anali munthu wapansi:
m'dzenje la sowo ku Msoro,
mnzawo pamwamba pa chipika cha mlombwa,
iwo kukoka, utuchi kuwathira m'maso.
Mpaka imfa ankati kuthambo n'kofiira.

Atate analikana dzenjelo.
Anafika ku Kapata ndi landa yobwereka
ndi pensulo yakukhutu yomwe sinkatsika
ngakhale pa Mgonero wa Ambuye.
Iwo zitseko basi.
"Mpando aliyense akhoma,
koma chitseko chifuna wodziwa
kuti thabwa limatupa m'dzinja."
Kunsi kwake, komwe diso silifika,
ankatema timizere titatu ndi tchizulo:
ine, Esinala,
ndi Lekani, amene sanafike poyenda.

Ine ndimatumiza ndalama za anthu pa foni.
Chitseko changa n'chachitsulo, chowotcherera,
sichidziwa dzinja, sichidziwa malimwe.

Lachiwiri lapitali ku Mchini
ndinapeza akugwetsa nyumba,
chitseko chili chagada pa zidutswa za njerwa,
mnyamata atadzutsa kale nkhwangwa.
Ndinagwada, chitenje m'fumbi,
ndi kupapasa kunsi.
Kamodzi. Kawiri.
Kachitatu chiswe chinayambako, koma kalipo.

Sindinanenerere mtengo.
Wanjinga anachimanga ndi malegeni,
ine pambuyo, wapansi, ngati woperekeza maliro
koma ndikuseka ndekha.

Pakhomo panga sichikwana,
chapitirira ndi zala zinayi.
Changotsamira khoma m'chipinda.
Usiku wa dzulo chinati tswa! kamodzi,
ndipo ndinadzuka kukaanula zovala.