Mng'alu wa ku Chimwankhunda

Anabwera Lachiwiri, dzuwa lisanawawe,
Bambo Mkwapatira, woyesa mitengo ya nyumba,
tepi m'thumba, cholembera kukhutu,
nsapato zosadziwa fumbi la kuno.

Mpando anakana. Tiyi anakana.
Khoma analigogoda ngati akusankha chivwende,
felemu la chitseko analibaya ndi kiyi wa galimoto,
dothi la chiswe linangoti yoyoyo pasimenti.
Analemba.
Anakweza maso kusiling'i komwe mvula inajambula mapu,
anamva mpope wosaleka kulira.
Analembanso.

Kuseri, mbali yoyang'ana phiri la Soche,
anaima nthawi yaitali.
Mng'alu uja.
Bambo anga ankaumata chaka ndi chaka mvula ikatha,
simenti yopempha, yosakanizira m'chitini,
ndipo isanaume ankalembapo chakacho ndi msomali.
Ine ndinkati n'chikondi.
Iye anawerenga zakazo ndi chala, zisanu ndi zinayi,
nati, Mayi, maziko akuyenda apa,
mboni yanga ndi malemu omwewo.

Ikanakhala yolimba, mamiliyoni makumi asanu ndi awiri.
Koma chotsani denga.
Chotsani mafelemu, mapaipi, mawaya amene makoswe anadya.
Ankasenda ngati chinangwa chowola mbali,
ine ndikungoyang'ana makoko akugwa,
mpaka m'dzanja munatsala makumi anayi ndi asanu.

Konza kaye, ugulitsa bwino,
anatero mchimwene pa foni ali ku Joni,
foni inaduka nditangotchula ndalama.
Mmisiri wa ku Bangwe anandilembera mtengo papepala la buledi,
sabata isanathe anabwera kudzasintha:
thumba la simenti lakweranso.

Wogula anapezeka.
Che Ndembo, wa hadiweya ku Limbe,
anazungulira nyumba manja kumbuyo,
akupukusa mutu ngati ali pamaliro.
Mng'alu anaulowetsa chala, nati makumi anayi basi,
ndikungokuthandizani, mlongo wanga.
M'sitolo mwake simenti yafika kudenga,
malata aunjikana ngati mapepala.
Bala langa kwa iye n'chipsera chabe.

Ndinasaina. Fizi ya ana sidikira mmisiri.

Madzulo, makiyi ndisanapereke,
ndinatola msomali pansi pa mpapaya,
ndinapita kuseri kukalemba chaka chino
pansi pa zaka za bambo.
Simenti inali itauma kalekale.
Msomali unapindika.