Kuseri kwa Chitseko

Ndinayamba ndi choko cha utelala,
chomwe ndimalembera mizere pansalu ku Taifa,
kachidutswa kotsala, kopyapyala ngati chikhadabo.
Lamulungu madzulo, mawawa akuwaza malata a ku Chiputula,
ndinalemba vesi limodzi kuseri kwa chitseko,
poti pakhoma eni nyumba anatiletsa.

Sindinapite nazo patali.
Ndinangoona kuti ana anga onse amatulukira pomwepo,
ndipo aliyense amaima kaye kulimbana ndi loko wadzimbiri uja.
Ndinati, poimapo, maso adyeko kanthu.

Walinase ankawerenga ngati wothamangira minibasi.
Yotamu ankatafuna liwu limodzilimodzi, chala chikulondola,
mpaka nsonga ya chala kuchita mbuu.
Khwima, wa zaka zisanu, ankangoti ameni
ngakhale pakati pa chiganizo.

Bambo awo akabwera kokabaza,
thukuta litazizirira mkati mwa jekete,
ankalemba m'munsi vesi lomwelo m'Chitumbuka,
ati Mulungu asamveke ngati wa kwathu ku Dedza kokha.

Loweruka tinkafufuta.
Wofufuta ankayamba walinena pamtima;
akaphonya, sanza yonyowa inkapita kwa mnzake.
Pa sanza imeneyo panabuka ndewu zingapo,
ndipo ine ndinkaleretsa uku ndikubisa kuseka:
ana kulimbirana Malemba mpaka kukokana makutu!

Kenaka unabwera mwezi umene njinga inabedwa padepoti.
Tiyi tinamwa wopanda shuga, nyumba ili zii.
Yotamu anaima pachitseko nthawi yaitali.
Amayi, mwalemba kuti Iye amasunga anthu ake.
Nanga njinga bwanji sanaisunge?
Choko chinandilemera m'dzanja ngati simbi yamakala.
Yankho ndinalibe, ndipo sindinafune kumupatsa lonama.
Ndinangolemba funso lakelo pansi pa vesi,
mawu ake momwe anawanenera.
Tinagwada onse pasimenti wozizira, funso likutiyang'ana.
Loweruka linafika, palibe anagwira sanza.
Linakhala pamenepo mpaka Julaye kutha.

Lendi inatikwera pakhosi.
Tinamanga katundu m'zitenje, ulendo wa ku Zolozolo.
Walinase, msungwana wamkulu kale, anafunsa chamumtima,
kodi chitseko tichinyamula?
Si chathu, mwanangu.
Analira monga sanalirire njinga.
Ndinachitsuka ndi sopo kuti eni ake asatidule ndalama,
koma matabwa a paini anali atamwa kale;
ukayang'ana chammbali, dzuwa likalowera pazenera,
zilembo za zaka ziwiri zinkaonekabe, zina pamwamba pa zinzake.
Wolowamo pambuyo pathu
kaya anaziona, kaya.

Nyumba yatsopano inali ya chipinda chimodzi ndi balaza.
Choko chinasowa m'katundu.
Lamulungu linadutsa ine ndili gone, msana ukuwawa,
mtima ukuti mwina mwambo uja unatsala ku Chiputula
pamodzi ndi msomali wopachikapo kalendala.

Lolemba mbandakucha, nkhungu itakuta mapiri,
ndinadzuka kukasonkha mbaula.
Pofika pachitseko ndinaona zakuda
m'munsi kwenikweni, pa msinkhu wa bondo langa.
Makala.
Zilembo zopindika, zina zoyang'ana kumbuyo,
mawu awiri atamatana, limodzi losowa mchira.
Dzanja linali la Khwima.
Koma Khwima sankadziwa vesi lalitali chotere;
wina anamunong'oneza usiku, ife tili mtulo,
ndipo Yotamu anali atafunda bulangete mpaka kumutu,
zala zakumiyendo zikusewera.

Linali vesi lomwe lija, la Iye amene amasunga.
Funso sanalilembe.
Sindinamufunse ngati analipezera yankho,
kapena wangosankha kuyenda nalo m'thumba.

Zilembo zinali pansi kwambiri,
moti kuti ndiwerenge ndinachita kugwada.
Ndipo poti ndinali nditagwada kale,
mbaula inadikira.