Mpira Wonga Papaya

Anandilemba ntchito yolondera geti, osati yokuwa.
Koma chaka chija mvula inafulumira ku Ulongwe,
a Fintani, mzungu wokumba mijigo wa ku Ayalandi,
anatsegula zenera cha m'ma thuu koloko usiku:
"Belarmino, lowa, ukuzizidwa,
ndiponso zimenezi sindingazipirire ndekha."

Ndinkayesa uthenga wa maliro.
Inali kanema.

Amuna a mapewa ngati zitseko za golosale,
zipewa ngati za anyamata a njinga zamoto a pa Kalomwe,
anawerama moyang'anizana ngati atonde,
kenako gu! mulu wa anthu.
Wenzulo. Adzuka. Anong'onezana. Aweramanso.
Mpirawo wonga papaya,
dzina lake ndi la miyendo, koma aupanira m'khwapa
n'kuthawa nawo ngati nkhuku yakuba.

Ndinati, "Bwana, ndewu imeneyi ndi yakwanu?"
Anaseka mpaka tiyi kutayikira pa kabudula.
"Iyayi. Kwathu tili ndi wathu, womenya ndi ndodo.
Uwu ngwa kutsidya la nyanja.
Amalume anapita kumeneko kukasaka ntchito, osabwerako.
Chinabwera ndi jezi iyi, m'phukusi,
ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Lero kwathu tilipo ambiri osagona,
m'mabala, m'makhitchini,
tikulirira mizinda imene sitinapondemo."

Sindinayankhe.
Ndinakumbuka msasa wa ku Dedza nthawi ya nkhondo,
wailesi ya bambo yomanga ndi mphira,
ine mwana wothawa kwawo, zigamba kumatako,
kulumphira chigoli cha timu ya ku Blantyre
ngati andiwonjezera ufa pa mzere.
Mpaka pano ikagonja chakudya chimandikanika.

Malamulo ndinawamva pang'onopang'ono.
Mwayi kanayi kuti usunthe mayadi khumi.
Ndinati, zimenezo ndiye ndikuzidziwa,
ndi mmene timakankhira lole ya kachewere
pa matope a ku Domwe:
kankha, ika mwala, puma, kankha.
Kuyambira usiku umenewo ndinali ndi mpando wanga,
kapu yanga yobenthuka,
ndi mawu atatu achizungu osayenera kutchula pamaso pa apongozi.
Geti ankalondera galu.

Mu Febuluwale, chimanga chikumasula ngayaye,
unafika usiku wa ndime yomaliza.
Magetsi anathima.
Damu lili m'chigawo chathu chomwechi, koma anathima.
Jenereta inatsokomola kawiri n'kukhala chete.
Tinakwera makwerero a thanki ya madzi,
iwo pamwamba atatukula foni ngati nsembe,
ine pansi ndagwira ambulera yothyoka nthiti,
kanema kuima, kuyenda, kuima,
munthu ali m'malere manja atatambasula
kwa mphindi yathunthu,
mpira osafika.

Itabwerera netiweki tinali titagonja.

Bambo amene sanalire chitsulo chitathyokera pansi
pa mjigo wouma wa ku Tsangano,
anakhala pa makwerero n'kusisima.
Ndinawapepesa ngati anamfedwa.
Atambala anali atayamba.

Anapita mu Epulo, mijigo itakwana.
Anandisiyira jezi ija, ya amalume awo.
Imandifika m'maondo.
Felizarda akuti ndimaoneka ngati thumba la feteleza
limene laphunzira kuyenda.

Tsopano ndimalondera sitolo ya mbewu pafupi ndi msika.
Kulibe kanema, kuli babu limodzi ndi agulugufe ake.
Koma mvula ikayamba, usiku wa Lamulungu,
maso amandiuma okha nthawi yomwe ija,
ndipo ndimadziwa kuti kwinakwake pa chilumba chozizira
wina watereka ketulo, ana ali m'tulo,
akutukwana monong'ona.

Dzulo Ancha, mwana wanga wachitatu,
wathyola papaya losapsa kuseri kwa bafa.
Ndinati ndimukalipire.
M'malo mwake ndamuonetsa poika zala.
Waponya.
Lazungulira bwinobwino, mwana iwe,
ladutsa chingwe cha zovala,
n'kukaswa beseni la amake.