Sikelo ya pa Kamwendo

Bwana Chimphonda anandionetsa kamodzi kokha
pomwe chala chimakankha sipuling'i
kuti thumba la mtedza likafika pano
lionde ndi makilo atatu.
Ndinagwira msanga. Lendi siidikira munthu.

Lachiwiri anatsika pa kabaza a Nagama,
omwe anandibereka kumbuyo
chaka chomwe mayi anagonekedwa ku boma.
Ndinawabera kilo imodzi yokha.
Usiku ndinadzitcha wachifundo.

Dzulo kwathu kunagwa maliro.
Adzukulu anzanga ali kumanda kuyambira mbandakucha,
ine ndatumiza faifi sauzande pa foni,
khasu langa agwire wina.
Tsiku la msika silidziwa wakufa.

Madzulo ndikamapukuta galasi la sikelo
ndimakumana ndi nkhope ya malemu bambo.
Ndimaipachika choyang'ana kukhoma,
kenako n'kuwerenga ndalama.